Mwana wanga ndi wanzeru koma salankhula m'kalasi: amasankha bwanji ana a AAP ku Fairfax?

Funso

Ndimakhala m'boma la Fairfax ku Virginia, m'dziko la America. Tinabwera kuno zaka zinayi zapitazo kuchokera ku Zomba. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 7 ndipo ali mu giredi 2 pasukulu ya boma. Makolo anzanga tikakumana podikira basi ya ana nkhani imangokhala ya AAP. Akuti ndi kalasi ya ana anzeru kwambiri ndipo amasankha chaka chino. Pa mayeso a luntha amene analemba chaka chatha anapeza 124, ndiye mayi wina wandiuza kuti popanda 132 ndisadzivute. Wina akuti ndilipire katswiri amuyeze payekha. Mwanayu kunyumba amawerenga mabuku a ana a giredi 4, koma m'kalasi salankhula. Aphunzitsi ake amangoti ndi mwana wabwino, wosavuta. Kodi amasankha bwanji? Ndidikire kalata kapena pali choti ndichite?

Yankho

Mayi, musadikire kalata. Ndayambira pamenepa chifukwa ndi pamene makolo ambiri ochokera kwathu amaphonyera, ndipo chimene chimawaphonyetsa ndimachidziwa, poti nane ndinakulira momwemo. Ife kusankhidwa timakudziwira pa sitandade 8. Mwana ankalemba mayeso a MANEB n'kukhala pakhomo, banja lonse maso kunjira kudikira tsiku lotuluka mayina: uyu wapita kusekondale ya national, uyu ya m'boma lathu lomwelino, uyu ku CDSS, uyu abwereze. Kholo linalibe mawu. Kupita kwa ahedi kukanena kuti mwana wanga ndi wanzeru, mumuganizire, chikanakhala chinthu chochititsa manyazi, mwinanso anthu akanakukayikirani. Ku Fairfax sizili choncho. M'dongosolo lawo muli malo amene anasiyira kholo mwadala, ndipo kholo likakhala chete malowo amapita kukomiti yosankha ana ali opanda kanthu.

Ndifotokoze kaye chinthucho. AAP ndi chidule cha Advanced Academic Programs. Ku America boma lalikulu la ku Washington silikakamiza masukulu kukhala ndi maphunziro apadera a ana aluntha. Chigawo chilichonse chimadziikira malamulo ake, ndipo Virginia ndi chimodzi mwa zigawo zimene zimalamula kuti ana oterewa azipezedwa ndi kuthandizidwa. Lamulo la Virginia limanenanso kuti posankha aziona zinthu zingapo, ndipo chinthu chimodzi chokha chisalowetse mwana kapena kumutsekera kunja. Musunge mfundo imeneyi, tibwereranso.

Masukulu a boma la Fairfax ali ndi ana pafupifupi 180,000, ndipo AAP yawo ili m'magawo anayi. Loyamba ndi la mwana aliyense: maphunziro olimbikitsa kuganiza mozama amene amachitika m'kalasi wamba. Lachiwiri ndi la mwana amene wapambana pa phunziro limodzi, monga masamu, ndipo amapatsidwa ntchito yovutirapo pa phunzirolo. Lachitatu, mwana amatuluka m'kalasi kanthawi pang'ono pa sabata kukaphunzira ndi kagulu kena. Lachinayi ndi limene makolo podikira basi paja akukamba. Kale ankalitcha Level IV, masiku ano amati Full-Time, koma anthu ambiri akadali ndi dzina lakale pakamwa. Mwana amaphunzira Chingerezi, masamu, sayansi ndi za chikhalidwe cha anthu pamlingo wapamwamba tsiku lonse, kuyambira giredi 3 mpaka giredi 8. N'chifukwa chake kusankha kwakukulu kumachitika mu giredi 2. Magawo atatu oyambawo amagamulidwa pasukulu pomwepo. Lachinayili limagamulidwa ndi komiti ya boma lonse la Fairfax, anthu amene mwana wanu sanamuonepo ndipo sadzamuona. Iwo amaona fayilo basi.

Tsopano za 132. Nambala imeneyi sanaipeke mayi uja, ili ndi gwero lake, kungoti wayimva theka. Kwa zaka zambiri ana onse a ku Fairfax ankalemba mayeso awiri a luntha: NNAT mu giredi 1, omwe ndi a zithunzi ndi mizere popanda mawu, ndi CogAT mu giredi 2, omwe ali ndi zigawo zitatu, cha mawu, cha manambala ndi cha zithunzi. Mayina a mayeso amasinthasintha, choncho muone dzina limene lili pa pepala limene sukulu yakupatsani, koma kawerengedwe ka malikisi n'kofanana: mwana wapakatikati amapeza 100, ndipo amamuyerekeza ndi anzake amsinkhu wake, osati a kalasi yake yokha. Wopeza 132 amakhala pakati pa ana awiri okha pa 100 alionse. Kale, mwana akafika pa 132 ankalowa m'gulu limene amalitcha pool. Koma kulowa mu pool si kusankhidwa. Tanthauzo lake ndi lakuti sukulu imutsegulira fayilo yokha, popanda kholo kupempha. Ana ena a mu pool komiti imawakana, ndipo ana ambiri amene sanalowemo amasankhidwa chifukwa kholo kapena mphunzitsi anadzaza fomu yopempha. Fayilo ikafika pa tebulo la komiti imawerengedwa mofanana, kaya inabwera njira iti.

Komanso muyeso wa 132 uja unasintha. Zaka zaposachedwapa anayamba kuyerekeza mwana ndi anzake a pasukulu yake yomweyo, n'kutenga pafupifupi mmodzi mwa khumi alionse amene apeza bwino. Ndiye pasukulu ina mwana wa 135 atha kukhala kunja kwa pool, pomwe pasukulu ina wa 122 ali mkati. Mwana wanu ndi 124 yakeyo waposa ana oposa 90 pa 100 alionse amsinkhu wake. Si malikisi oti munthu n'kugwa nawo ulesi.

Nanga m'fayilomo mumakhala chiyani? Malikisi a mayeso a luntha aja, malipoti a sukulu, zotsatira za mayeso ena a kuwerenga ndi masamu, zitsanzo za ntchito imene mwana wachita m'kalasi, zimene kholo lalemba ngati lalemba, ndi pepala limene aphunzitsi amayezerapo mwana malinga ndi mmene amamuonera. Pepala lomalizali ndi limene ndikufuna tichedwepo, chifukwa funso lanu lenileni lagona pamenepo ngakhale inu mwafunsa za malikisi.

Kale pepalali linkatchedwa GBRS. Panopa amagwiritsa ntchito lina lotchedwa HOPE, limene linakonzedwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Purdue. Mphunzitsi amaona zinthu monga izi: kodi mwanayu amafunitsitsa kudziwa zatsopano, amayesa njira zina pothetsa vuto, amaganiza mosiyana ndi anzake, amatsogolera anzake, amamasuka ndi akuluakulu? Ndiye amachonga kuti zimenezi amazionetsa kawirikawiri bwanji. Onani bwino mawu amenewo, amazionetsa. Mphunzitsi wokhala ndi ana makumi awiri ndi mphambu amachonga zimene waona ndi kumva. Tsono taganizani mmene timalerera mwana wa Chimalawi. Akuluakulu akamalankhula usadule mawu. Usayang'ane wamkulu m'maso ngati mnzako. Ukafunsidwa yankha zimene wafunsidwazo, usatalikitse. Mphunzitsi akalakwitsa pa bolodi, si iwe womukonza. Kwathu mwana wotereyu timati waleredwa, ndipo ndi zoona, waleredwadi. Koma m'kalasi ya ku Virginia mwana amene amakweza dzanja n'kunena kuti aphunzitsi, ine ndapeza njira ina, ndi amene amaoneka. Wanuyo njira inayo anaipeza kalekale, waisunga mumtima, akudikira mwaulemu kuti anzake amalize. Mawu akuti ndi mwana wabwino, wosavuta, ine ndikawamva kwa mphunzitsi wa giredi 2 mtima umandigunda, chifukwa nthawi zambiri amatanthauza kuti mphunzitsiyo sanamudziwebe mwanayo.

Sindikunena kuti aphunzitsi ali ndi mtima woipa. Ambiri amene ndagwira nawo ntchito amawakonda ana. Koma diso la munthu limaona msanga zimene linazolowera, ndipo ofufuza anaziyeza zimenezi. Mu 2016 Jason Grissom ndi Christopher Redding a pa yunivesite ya Vanderbilt anapeza kuti ku America mwana wakuda amene ali ndi malikisi ofanana ndi mwana wachizungu amakhala ndi mwayi wochepa, pafupifupi theka, wolowa m'maphunziro a ana aluntha, ndipo mwayiwo umakwera kwambiri mphunzitsi wake akakhala wakuda. Chaka chomwecho David Card ndi Laura Giuliano anafalitsa zimene anapeza m'boma lina lalikulu ku Florida. Kumeneko kale ankayeza ana okhawo amene mphunzitsi kapena kholo lawatchula. Mu 2005 anayamba kuyeza mwana aliyense wa giredi 2, ndipo chiwerengero cha ana akuda opezeka kuti ndi aluntha chinakwera ndi 80 peresenti, cha ana a mabanja olankhula Chisipanishi ndi 130 peresenti. Anawo analipo kale m'makalasimo, panalibe wowaloza. Fairfax nayo ikulidziwa vutoli. Kuyambira 2002 ili ndi pulogalamu ya Young Scholars yofunafuna ana aluntha m'magulu amene samaoneka kawirikawiri mu AAP, ndipo akatswiri akunja amene anaunika AAP mu 2020 ananenanso za kuchepa kwa ana akuda ndi a Chisipanishi. Kusintha kwa pool ndi kwa pepala la aphunzitsi kunabwera pambuyo pa kuunikako.

Ndiye chochita ndi ichi. Pasukulu ya pulayimale iliyonse ya ku Fairfax pali mphunzitsi woyang'anira za AAP, amene amamutcha AART. Mulembereni imelo sabata ino, mumuuze kuti mukufuna kupempha kuti mwana wanu aunikidwe pa Full-Time, ndipo mumufunse tsiku lotsekera. Zaka zaposachedwapa lakhala likugwa mu Disembala, ndipo likadutsa ladutsa. Musadikire kuti mumve kaye ngati ali mu pool, chifukwa uthenga umenewo utha kufika nthawi yodzaza fomu itatsala pang'ono kapena itatha. Ngakhale atakhala mu pool, fomu yanu siiwononga kanthu, imangowonjezera mawu anu m'fayilo. Salipiritsa.

Kachiwiri, pemphani kukumana ndi mphunzitsi wake wa m'kalasi. Musapite kukadandaula kapena kukamuuza chochonga. Pitani ndi buku limene mwana akuwerenga kunyumba, mulitule patebulo, munene mosabisa kuti kwathu ana timawaphunzitsa kusalankhula pamaso pa akuluakulu mpaka atafunsidwa, choncho mwana wanga akakhala chete si kuti alibe choyankha. Mupempheni kuti azimufunsa pomutchula dzina, kapena akhale naye pambali mphindi zisanu amufotokozere mmene wapezera yankho. Mphunzitsi wabwino amayamikira zimenezi, chifukwa mwamupatsa kiyi wa chitseko chimene amangochidutsa. Akuluakulu anati mbewa yamanyazi idafera kuuna. Manyazi amene ndikuopa pano si a mwana ayi, ndi anu ndi anga, a ife akuluakulu amene timaona ngati kulankhulira mwana wathu ndi kudzitama.

Pa fomu ndi pa mafunso a kholo ndi pamene ambiri amataya mwayi ngakhale atadzaza. Amalemba kuti mwana wanga ndi wanzeru kwambiri, amakonda kuwerenga, ndi wolimbikira. Komiti imawerenga mafayilo zikwi, ndipo kholo lililonse lalemba zomwezo. Chimene chimagwira mtima wa wowerenga ndi kankhani kamodzi koti achite kumuona mwanayo. Ndikupatseni chitsanzo. Ndinathandizapo mayi wina wochokera kwathu amene anandiuza kuti alibe cholemba, mwana wake ndi wamba. Titacheza anakumbukira kuti banja lawo limaimbira agogo pa WhatsApp Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Tsiku lina mu Novembala mtsikanayo, wa zaka 7 ngati wanuyu, anaona kuti agogo akudandaula za tulo pamene sabata yathayo pa nthawi yomweyo anali asanadye n'komwe. Anatenga pepala, n'kujambula mawotchi awiri, ina ya ku Virginia ina ya ku Malawi, n'kupeza yekha kuti kusiyana kwachoka pa maola 6 kufika pa 7. Kenako anafunsa mayi ake kuti ngati ife tabweza wotchi koma agogo sanabweze, dzuwa nalo labwerera kapena ndi ife tokha tagwirizana kunama? Mayi ake anali atangoseka n'kuiwala. Ine ndinawauza kuti lembani zimenezo monga mmene mwandiuziramu, ndipo pepala la mawotchi lija mulifunefune. Analipeza m'kabati, pansi pa makalata a magetsi, litapindika pakona.

Nkhani zoterezi zilipo m'nyumba mwanu, kungoti simuziwerengera. Ngati amasewera bawo n'kumawerengeratu kumene nkhomo zake zikathere asanazigwire, lembani. Ngati anakufunsanipo chifukwa chake Chingerezi chimasiyanitsa mwamuna ndi mkazi pomwe ife timangoti iye, lembani, ndipo mutchule kuti amalankhula zilankhulo ziwiri. Musabise Chichewa poganiza kuti chimuchepetsa. Mwana amene amamasulira nkhani ya kusukulu kuti agogo amve, n'kusankha yekha mawu oyenera pamene palibe liwu lofanana, akuchita ntchito yaubongo imene anzake ambiri sanaiyesepo. Amalolanso kholo kuika zitsanzo zochepa za ntchito ya mwana. Musaike pepala la masamu makumi awiri onse okhoza, chifukwa limangosonyeza kuti anamvera. Ikani chimene chikusonyeza mmene amaganizira, cholembedwa ndi dzanja lake, ngakhale chikhale ndi masipelo olakwika. Ndipo musamukonzere. Owerenga aja ndi aphunzitsi, dzanja la munthu wamkulu amalizindikira msanga.

Za kulipira katswiri. Mayeso amene mnzanuyo akunena ndi WISC, amene katswiri wa zamaganizo amakhala ndi mwana payekha ola limodzi kapena kuposa. Fairfax imawalandira akachokera kwa katswiri wovomerezeka kapena ku yunivesite ya George Mason, ndipo mtengo wake ndi madola mazanamazana. Ine ndikuti sungani kaye ndalama zanu. Zotsatira za komiti zimatuluka cha mu Epulo, ndipo mwana akakanidwa kholo limaloledwa kuchita apilo, koma apilo imafuna umboni watsopano umene sunali m'fayilo yoyamba. WISC ntchito yake yeniyeni ili pamenepo. Kwa mwana wofatsa mayesowa amakhala ndi ubwino wina, poti amayankha munthu mmodzi m'chipinda chopanda phokoso. Koma musawaone ngati tikiti. Lamulo lija loti chinthu chimodzi chisagamule limadula mbali zonse, ndipo ana a malikisi apamwamba a WISC amakanidwanso.

Makalasi olipira okonzekeretsa ana mayeso a luntha sindiwalimbikitsa. Kumuonetsa mwana zitsanzo ziwiri zitatu kuti asadabwe ndi maonekedwe a mafunso, palibe cholakwika. Koma kumukhazika Loweruka lililonse miyezi itatu, mwana wa zaka 7, kumamuphunzitsa chinthu chimodzi chokha: kuti chikondi cha amayi chili pa nambala. Komanso komiti ikudziwa kuti ana ena amakonzekeretsedwa, n'chifukwa chake malikisi okwera amene sakugwirizana ndi ntchito ya m'kalasi sawadalira kwambiri.

Mukamva anzanu a kutsidya la mtsinje wa Potomac akufotokoza zosiyana ndi izi musasokonezeke. Ku Montgomery, m'chigawo cha Maryland, amaunika ana mu giredi 3, maphunziro apaderawo amakhala a giredi 4 ndi 5, ndipo pakati pa ana oyenerera amachita maere. Ku New York, mpaka cha mu 2021, ankayeza ana a zaka 4. Boma lililonse lili ndi njira yake.

Nanga akakanidwa, apilo n'kukanikanso? Apa ndi pamene ndikufuna muchotse sitandade 8 m'mutu mwanu. Kwathu dzina likapanda kutuluka, njira ya mwana inkakhota tsiku lomwelo. Kuno mutha kupemphanso chaka chamawa, ndi chinacho, mpaka giredi 7, ndipo ana ambiri amalowa mu giredi 4 kapena 5 atapeza mphunzitsi amene wawaona. Pakadali pano funsani AART za gawo lachitatu lija, ndipo makamaka za masamu apamwamba, amene mwana atha kupatsidwa ngakhale asali mu Full-Time. Masamu ndi amene ali ndi makwerero enieni, chifukwa mwana woyenda chaka chimodzi patsogolo atha kuyamba Algebra mu giredi 7. Makalasi ovutirapo otchedwa honors a giredi 7 ndi 8 ndi otsegukira aliyense wofuna. Ngakhale sekondale yotchuka ija ya Thomas Jefferson High School for Science and Technology, imene makolo ambiri amailota mwana akadali ndi mano a mkaka, siifuna kuti mwana akhale wochokera mu AAP.

Akasankhidwa mudzakhala ndi chisankho china, ndipo kwa mwana wonga wanuyu n'chofunika kuchilingalira bwino. Masukulu ena ndi malikulu a AAP, amawatcha center, kumene amasonkhanitsa ana osankhidwa ochokera m'masukulu angapo, ndipo basi imaperekedwa. Masukulu ambiri alinso ndi kalasi ya Full-Time pomwepo, moti mwana sasamuka. Ku center amapeza anzake ambiri othamanga ngati iye. Pasukulu yake amakhala ndi anzake amene anawazolowera ndi aphunzitsi amene ayamba kumudziwa. Mwana amene zinamutengera zaka ziwiri kuti apeze mnzake mmodzi womasuka naye, kumusamutsa si nkhani yaing'ono. Amaitana makolo kukaona center asanasankhe. Mupite naye, ndipo pobwerera m'galimoto mumusiye alankhule iye.

Mwini wakeyo musamuuze kuti pali komiti imene ikumuyeza. Alibe chochita nazo, angosenza nkhawa. Chimene mungamuuze ndi chakuti kusukulu kufunsa funso si mwano, ndipo kunena kuti ndapeza njira ina si kudzikuza. Ulemu wa kunyumba usachoke, agwadire agogo ake monga mwa nthawi zonse. Koma pa chakudya chamadzulo, nsima ikadali yotentha, muzimupatsa mpata wake woti afunse funso limodzi limene analisunga kusukulu tsikulo, ndipo mawa lake mumukumbutse pachipata kuti akalifunsenso kwa aphunzitsi.